Chifukwa Chimene Madokotala Amalowera M'magulu a Anthu pa Lamya

Aliyense amene adakhalapo pa benchi ya chipatala chaching'ono cha kumudzi adziwa m'mene zinthu zimayendera m'mawa. Anthu amayamba kufika kusanache, ena pa njinga, ena wapansi, amayi atabereka ana kumbuyo, mabuku a ku sikelo ali m'manja. Mlangizi wa za umoyo amayamba ndi phunziro la tsikulo, kenaka mzere umayamba kuyenda. Wodwala akalowa m'chipinda amaonana ndi dokotala kwa mphindi zochepa chabe, pakuti panja pali anthu ambiri amene akudikira. Akalandira mankhwala pa windo amauyamba ulendo wobwerera kwawo. Ali m'njira, mwina ataoloka kale mtsinje, mpamene amakumbukira funso limene amafuna kufunsa. Kodi mwana akasanza atangomwa mankhwala apatsidwenso ena? Kodi mayi woyamwitsa angathe kumwa mapiritsi amenewa? Kubwerera sikutheka, kotero munthuyo amapita nalo funso lake kunyumba.

Funso lotere silikhala lopanda woliyankha. Amaliyankha apongozi, kapena mnzake wa pa mjigo, kapena wogulitsa mankhwala pa msika, kapenanso uthenga umene wafika pa lamya ya m'manja kuchokera kwa munthu wosadziwika. Yankholo likakhala loona, mwana amachira. Likakhala lonama, banja limabwereranso ku chipatala patapita masiku atatu, mwana ali lefu.

Kaamba ka zimenezi, m'zaka zapitazi madokotala ena ayamba kuchita chinthu chimene kale sichinkadziwika. Amalowa m'magulu a pa WhatsApp ndi pa Facebook, m'mene amayi oyembekezera, odwala matenda a shuga kapena makolo a ana aang'ono amakambirana za umoyo wawo. Ena amayankha mafunso a anthu oimba lamya. Kawirikawiri amachita zimenezi madzulo ataweruka, pa nthawi imene akadayenera kupumula. Pali anthu amene amaona ngati kumeneku nkutaya nthawi, ndipo ena amakayika kuti mwina pali chimene dokotalayo afuna kudyapo. Koma munthu akaziganizira bwino zifukwa zake, aona kuti ntchito imeneyi ndi yoyenera, kuti ndi mbali ya ntchito yakale ija yophunzitsa anthu za umoyo, ndiponso kuti ili ndi malire amene wodwala aliyense ayenera kuwadziwa. M'nkhani ino mau oti dokotala akuimira onse amene anthu a kumudzi amawatchula choncho, kuphatikizapo anamwino ndi azamba ophunzira bwino ntchito yawo.

MADOKOTALA NDI OCHEPA, MAFUNSO NDI AMBIRI

Chifukwa choyamba ndi chiwerengero. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu opitirira 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse adali okhala kumidzi. Sukulu yophunzitsa madokotala m'dziko muno idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, ndipo m'mbuyo monsemo wofuna udokotala ankayenera kupita kunja. M'chaka cha 2006 bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, lidanena kuti dziko liyenera kukhala ndi madokotala, anamwino ndi azamba osachepera 23 pa anthu 10,000 alionse, ndipo lidaika Malawi pakati pa maiko 57 amene adali operewera kwambiri. Kuyambira nthawi imeneyo ambiri aphunzitsidwa, komabe mzere wa pa chipatala ukadali wautali.

Dokotala amene waona ana odwala malungo m'mawa wonse adziwa kuti amayi awo ali ndi mafunso ofanana. Ambiri afuna kudziwa ngati angaleke kupatsa mwana mankhwala a LA thupi likazizira, nkusungako otsalawo kuti adzathandize tsiku lina. Yankho lake ndi lalifupi: mankhwalawa amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, onse mpaka athe, ndipo amagwira bwino ntchito akamwedwa pamodzi ndi chakudya kapena mkaka. Kuwalekeza panjira kumasiya tizilombo tina ta malungo tamoyo m'magazi, ndipo matenda amabwereranso. Dokotala akalinena yankho limeneli m'chipinda mwake, amva ndi mayi mmodzi. Akalinena pa gulu la amayi 200, amva onsewo, ndipo ena mwa iwo akauzanso anzawo ku dimba ndi ku chigayo. Nzeru imeneyi ndi yomwe ija ya phunziro la pansi pa mtengo sikelo isanayambe. Chasintha ndi malo okumanirana okha.

Chitsanzo chodziwika bwino cha nzeru imeneyi ndi Chipatala cha pa Foni. Ntchitoyi idayamba m'chaka cha 2011 m'boma la Balaka, mogwirizana pakati pa Unduna wa za Umoyo ndi bungwe la VillageReach. Poyamba idali yothandiza amayi oyembekezera ndi olera ana aang'ono, amene ankaimba lamya mwaulere nkulankhula ndi munthu wophunzira za chipatala. Pambuyo pake idafalikira m'maboma onse, idayamba kuyankha mafunso a matenda osiyanasiyana, ndipo Unduna udaitenga kuti uziyendetsa wokha. Phindu lake lili pawiri. Mayi amene vuto lake ndi laling'ono amauzidwa chochita pakhomo, ndipo sataya tsiku lonse ndi ndalama ya kabaza. Mayi amene vuto lake ndi loopsa amauzidwa kuti anyamuke nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.

MPHEKESERA ZIYENDA MSANGA KUPOSA AMBULANSI

Chifukwa chachiwiri ndi mphekesera. Kale bodza linkayenda ndi miyendo ya munthu, kuchokera pa maliro kupita pa msika. Masiku ano limayenda pa lamya, ndipo uthenga umene wajambulidwa m'mawa ku tauni umakhala utamveka m'midzi yakutali dzuwa lisanalowe. Eni ake a WhatsApp adaliona vuto limeneli, ndipo m'chaka cha 2019 adaika malire akuti uthenga usatumizidwe kopitirira kasanu pa nthawi imodzi. M'chaka cha 2020 adaonjezeranso malire ena pa mauthenga amene adutsa kale m'manja ambiri. Izi zidachepetsako liwiro la bodza, koma sizidalithetse.

Dziko lino laona kale zotsatira za mphekesera. M'chaka cha 2017 mbiri ya anamapopa idafala m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena oyandikana nawo. Anthu osalakwa adaphedwa, ndipo ena ogwira ntchito za chipatala adaopsezedwa poganiziridwa kuti zipangizo zawo ndi zopopera magazi. M'chaka cha 2021, katemera wa matenda a COVID-19 atafika, kudamveka nkhani zambiri zoopsa zokhudza katemerayo, mwa zina yakuti odwala akubayidwa mankhwala otha mphamvu. M'mwezi wa May chaka chomwecho Boma lidatentha poyera, ku Lilongwe, katemera wokwanira kubaya anthu 19,610 amene masiku ake adali atatha, kuti anthu aone ndi maso awo kuti katemera wotere saperekedwa kwa munthu. Kenaka kudabwera mliri wa kolera umene udayambira ku Machinga m'mwezi wa March 2022. Pofika pakati pa chaka cha 2023 anthu oposa 58,000 adali atadwala ndipo oposa 1,700 adali atamwalira. Ena mwa iwo adafika ku chipatala mochedwa chifukwa choopa zimene adamva.

Kolera ndi nthenda imene imatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa pomuthera madzi m'thupi, komanso ndi nthenda imene imachizika mosavuta munthu akayamba msanga kumwa madzi a ORS nathamangira ku chipatala. Pa nthenda yotere, tsiku limodzi lokayika ndi lokwanira kupha. Tsono ngati bodza likunenedwa pa gulu la pa lamya, ndipo dokotala ali chete m'chipinda mwake, bodzalo liyenda lopanda wolitsutsa. Chipepala chomatidwa pa khoma la chipatala chimawerengedwa ndi okhawo amene afika pa chipatalapo, pamene oopa aja safikapo nkomwe. Dokotala amene walowa pa gulu amalipeza bodza likadali laling'ono, naliyankha pamaso pa onse amene alimva. Moto wa m'tchire umazimitsidwa ukadali pa lupsa la pafupi.

DOKOTALA NAYENSO APHUNZIRA

Chifukwa chachitatu sichitchulidwa kawirikawiri. Dokotala amalowa m'magulu amenewa kuti nayenso aphunzire. M'chipinda cha chipatala wodwala amakhala ndi ulemu wambiri. Akafunsidwa ngati wamva, amavomera. Akafunsidwa ngati amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, amavomeranso. Sanena kuti adayamba wapita kwa sing'anga wa zitsamba, kapena kuti mapiritsi aja amamuchititsa chizungulire ndipo adawaleka sabata yatha, kapena kuti amuna ake samulola kugona m'masikito. Amaopa kukalipiridwa. Koma pakati pa anzake a vuto lomwelo munthu amamasuka, ndipo zimene zimabisika m'chipinda zimatuluka.

Dokotala womvetsera pa gulu lotere amadziwa mau amene anthu amatchulira matenda awo, zimene amakhulupirira kuti zidawayambitsa, ndi chimene chimawalepheretsa kutsata malangizo. Mwina adzapeza kuti amayi ambiri saonetsa mimba ku sikelo miyezi yoyamba poopa kuti ingalodzedwe ikadziwika msanga. Mwina adzapeza kuti odwala chifuwa chachikulu amaleka mankhwala mwezi wachitatu chifukwa akumva bwino, osadziwa kuti ayenera kumwa miyezi 6 yonse. Akazidziwa zimenezi amasintha kalankhulidwe kake, ndipo wodwala wa m'mawa mwake amapindula ngakhale alibe lamya.

Palinso phindu lina. Anthu asanu a m'mudzi umodzi akafunsa za kutsegula m'mimba sabata imodzi, wogwira ntchito za umoyo wochenjera amadziwa kuti chitsime cha m'mudzimo chiyenera kukaonedwa msanga. Ntchito yolondola matenda idayamba kalekale ndi alangizi oyenda khomo ndi khomo, makamaka kuyambira pamene kolera idalowa m'dziko muno koyamba m'chaka cha 1973. Lamya siingalowe m'malo mwa mlangizi ndi njinga yake, koma imamuuza koyambira.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Chifukwa chachinai ndi chakuti pali matenda amene dokotala yekha sangathe kuwasenza. Matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu ndi kachilombo ka HIV amakhala ndi munthu moyo wake wonse. Wodwala amaonana ndi dokotala mwina kamodzi pa miyezi itatu, ndipo masiku ena onsewo amakhala yekha ndi mankhwala ake. Chimene chimamulimbitsa mtima pa masiku amenewo ndi mnzake amene adadutsa kale njira yomweyo.

Nzeru imeneyi idaoneka bwino m'chigawo cha Tete ku Mozambique m'chaka cha 2008, pamene bungwe la Médecins Sans Frontières, pamodzi ndi akuluakulu a za umoyo a kumeneko, lidathandiza anthu omwa mankhwala otalikitsa moyo kupanga timagulu ta anthu osapitirira 6. Mwezi ulionse mmodzi ankapita ku chipatala kukaonedwa ndi kukatengera anzake onse mankhwala, mwezi wotsatira nkupita wina. Ankawerengerana mapiritsi ndi kuyenderana wina akadwala. Njira imeneyi idafika pambuyo pake ku Thyolo ndi ku maiko ena. Madokotala adaona kuti odwala othandizana chotere saleka mankhwala wamba.

Gulu la pa lamya ndi mbale wake wa timagulu timeneti. Odwala amakumbutsana za tsiku la ku chipatala, amalimbikitsana, ndipo amauzana za chakudya choyenera. Koma gulu la odwala okhaokha lingathe kusokera. Wina akanena kuti madzi a masamba akutiakuti adamuchiza shuga ndipo adataya mapiritsi, anzake angamutsate. Mpamene pafunika munthu wophunzira woti awongole ndi mau ofatsa, mosanyoza wolankhulayo. Msonkhano waukulu wa za umoyo wa ku Alma-Ata m'chaka cha 1978 udagwirizana kuti anthu eni ake ali ndi ufulu ndiponso udindo wotengapo mbali pa chisamaliro cha umoyo wawo. Dokotala amene amakhala pa gulu la odwala, kumva ndi kuwongola, akuchita chomwecho chimene msonkhanowo udapempha.

ZA DZINA NDI ZA NDALAMA

Kungakhale kubisa choona kunena kuti madokotala onse amachita zimenezi chifukwa cha chifundo chokha. Dokotala ndi munthu. Amakondwa akathokozedwa, amafuna kuti dzina lake lidziwike, ndipo ali ndi banja loti alidyetse. M'maiko ena zimenezi zimachitika poyera. Ku China, mwachitsanzo, kampani ya Haodf idayamba m'chaka cha 2006 kulumikiza odwala ndi madokotala pa intaneti. Kumeneko odwala amalipira kuti afunse mafunso, amalemba makalata othokoza amene aliyense angawerenge, ndipo dokotala woyamikiridwa ndi ambiri amapeza odwala ochuluka. Ophunzira amene adafufuza za madokotala otere adapeza kuti mbiri yabwino ndi ndalama zimawakopa pamodzi ndi mtima wofuna kuthandiza.

Kufuna mbiri yabwino sikolakwa. Mmisiri wa nyumba amamanga bwino podziwa kuti odutsa aziona khoma lake. Dokotala woyankha pamaso pa anthu mazana, ena mwa iwo anzake a ntchito, amasamala kwambiri mau ake, pakuti akalakwitsa onse aona. Ndipo dokotala wa chipatala cholipira akanena poyera kuti uphungu wake uli ndi mtengo, palibe chinyengo pamenepo. Choipa chimayamba pamene yankho lililonse likuthera pa kugula kanthu kwa woyankhayo, kapena pamene wogwira ntchito m'chipatala cha Boma apempha ndalama pa lamya kuti wodwala adzadumphe mzere kapena adzalandire mankhwala amene ndi aulere. Wotereyo walowa pa gulu kudzakolola kumene sadalime, ndipo ayenera kunenezedwa kwa akuluakulu a chipatala.

ZIMENE OTSUTSA AMANENA

Otsutsa ali ndi mfundo zofunika kuzimva. Yoyamba ndi yakuti lamya ndi ya anthu opeza bwino. M'midzi yambiri nyumba yonse ili ndi lamya imodzi, ndipo imayenda m'thumba la bambo. Kwina kulibe magetsi otchajira, kwina munthu ayenera kukwera pa chulu kuti amveke. Gogo wosadziwa kuwerenga sangapindule ndi uthenga wolembedwa. Zonsezi nzoona, ndipo nchifukwa chake phunziro la pa sikelo, wailesi, msonkhano wa kwa amfumu ndi komiti ya za umoyo ya m'mudzi siziyenera kuchepetsedwa mphamvu. Koma kusowa kwa lamya kwa ena sichifukwa choti amene ali nayo asiyidwe m'manja mwa onama. Mwini lamya akamva zoona, zoonazo zimafikanso kwa gogo uja madzulo pa moto.

Mfundo yachiwiri ndi ya chinsinsi. Mau onenedwa m'chipinda cha dokotala amathera momwemo, pamene olembedwa pa gulu amakhalapobe, ndipo aliyense angathe kuwajambula nkuwatumiza kwina. Pamenepa otsutsa akunena zoona kotheratu. Pa gulu mpoyenera kufunsa mafunso a anthu onse, monga za kasungunulidwe ka ORS kapena za masiku a katemera wa ana. Zotsatira za magazi, zithunzi za ziwalo zobisika, ndi maina a odwala ena siziyenera kuikidwa pa gulu. Dokotala wabwino amaletsa yekha zimenezi, ndipo amauza wofunsayo kuti akaonane naye payekha.

Mfundo yachitatu ndi yakuti malo a dokotala ndi m'chipatala. Nzoona kuti dokotala amene ali pa lamya odwala ali pa mzere walakwa. Koma amene wapatula ola limodzi madzulo kuyankha mafunso wachepetsa mzere wa mawa, pakuti ena sadzabwera ndi zinthu zosafunika ulendo, ndipo ena adzabwera matenda asanakule.

LAMYA ILIBE MANJA

Mfundo yaikulu koposa ndi iyi, ndipo madokotala eni ake amainena kawirikawiri: lamya ilibe manja. Siingagwire pamimba, siingamve m'chifuwa, siingayeze magazi. Kutentha thupi kungakhale malungo, chibayo, kapena matenda oumitsa khosi, ndipo kusiyanitsa kwake kumafuna maso, manja ndi zipangizo. Nchifukwa chake lamulo la masiku ano ndi lakuti munthu ayezedwe magazi asanapatsidwe mankhwala a malungo. Dokotala woona sadzatchula dzina la nthenda ya munthu amene sadamuone, ndipo sadzamuuza kuti akagule mankhwala amphamvu pa golosale. Akamayankha kuti munthu apite ku chipatala, sikuti akukana kuthandiza. Chimenecho ndicho chithandizo chake.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kufunsa pa gulu kapena kudikira yankho. Mwana ayenera kutengeredwa ku chipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku, ngati:

1. akukanika kuyamwa kapena kumwa;
2. akusanza chilichonse chimene wadya;
3. akukomoka kapena kugwedezeka;
4. wafooka kwambiri ndipo sakudzuka bwino;
5. akupuma mofulumira kapena movutika, nthiti zikulowa m'kati;
6. akutsegula m'mimba ndipo maso alowa, kapena chimbudzi chili ndi magazi.

Mayi woyembekezera nayenso athamangire ku chipatala akaona magazi, mutu ukamamupweteka kwambiri kapena akamaona zinthu mwachimbuuzi, nkhope ndi manja zikatupa, thupi likatentha, nsupa ikasweka nthawi isanakwane, kapena mwana akaleka kugunda m'mimba. Munthu aliyense wotsegula m'mimba mwa madzimadzi ayambe kumwa ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi aukhondo, ndipo azimwa ali m'njira yopita ku chipatala. Pa nthawi zotere ntchito ya lamya ndi kuitanira njinga kapena ambulansi basi.

KUZINDIKIRA DOKOTALA WENIWENI

Pa lamya munthu saoneka nkhope, ndipo aliyense angathe kudzitcha dokotala nkuikapo chithunzi cha munthu wovala zoyera. Malamulo a dziko lino ndi omveka. Madokotala amalembedwa m'kaundula wa bungwe la Medical Council of Malawi, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1987, ndipo anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawo la Nurses and Midwives Council of Malawi. Wogwira ntchito woona sabisa dzina lake kapena chipatala chimene amagwirako, ndipo sakwiya akafunsidwa.

Wonama amadziwika ndi mau ake. Amalonjeza mankhwala amodzi ochiza matenda onse, kuyambira shuga mpaka kusabereka. Amanena kuti a chipatala akubisa chinsinsi chimene iye yekha adziwa. Amauza odwala kuti aleke mankhwala otalikitsa moyo kapena a kuthamanga kwa magazi. Amafuna kuti ndalama zitumizidwe msanga pa lamya katundu asanathe. Chimodzi mwa zizindikiro zimenezi nchokwanira kuti munthu atseke makutu. Ndipo uthenga ulionse wa za umoyo umene wafika wopanda mwini, ungoti wanena ndi dokotala wina wa kunja, uyenera kufunsidwa kwa mlangizi wa za umoyo kapena namwino usanatumizidwe kwa ena. Wotumiza bodza mosadziwa amapweteka abale ake mofanana ndi amene adalipeka.

UDINDO WA ALIYENSE

Popeza ntchito imeneyi ndi yothandiza, mpofunika kuti isasiyidwe m'manja mwa madokotala ochepa amtima wabwino amene amagula okha mayunitsi. Akuluakulu a zipatala achita bwino kuizindikira ngati mbali ya ntchito, kuipatsa nthawi yake, ndi kuika malamulo osunga chinsinsi cha odwala. Komiti ya za umoyo ya m'mudzi ingathe kupempha mlangizi kapena namwino wa pa chipatala chapafupi kuti alowe pa gulu la m'deralo, ndiponso kusankha anthu okhulupirika ofikitsa uthenga kwa amene alibe lamya. Nawonso a pa gulu akumbukire kuti dokotala ali ndi odwala ena ndipo amafunika kugona. Funso likhale lalifupi ndi lomveka, lonena msinkhu wa wodwala, chimene chikumuvuta, masiku amene chatenga, ndi mankhwala amene wamwa kale.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mayi uja wakumbukira funso lake ataoloka mtsinje ali ndi kofunsa tsopano. Angathe kuimba ku Chipatala cha pa Foni, ndipo nambala yake mlangizi wa za umoyo aliyense angamupatse. Angathe kufunsa pa gulu limene muli namwino wodziwika wa pa chipatala chake. Akauzidwa kuti amalize mankhwala onse, amalize. Akauzidwa kuti abwerere ku chipatala ndi mwanayo, amubereke nthawi yomweyo, ngakhale mtsinje uyenera kuolokedwanso.